Munthu Wopanda Mbiri ku Tidzabweza

Adamuchenjeza Dzinkambani. Asadzaname munthu kuti sadamuchenjeze. Apongozi ake, a Nangozo, adachita kukwera basi kuchokera kumudzi, njira yonse atatsinzina ndi mantha, kuti adzanene mawu amenewa. Poti mwambo sulola mpongozi kuyang'anana ndi mkamwini, iwo adakhala kuseri kwa chitseko nayankhula mokweza ndi mwana wawo Mwatitha, kuti mawuwo adumphe chitseko akagwere mwini wake, amene ankapopa tayala pakhonde.

"Mwatitha, uwauze amuna akowa kuti azibwerekako zinthu kwa anzawo. Kaya ndi singano, kaya ndi sefa. Abwereke, abweze anthu akuona. Ine ndikuopa. Munthu wosabwereka kanthu m'dziko lino tsiku lina adzamufunsa kuti anali kuti."

"Make Siyeni, uwauze mayi kuti sefa tili nayo," adatero Dzinkambani osatukula mutu. "Ziwiri."

"Uwauze kuti sefa ziwirizo ndiye matendawo."

Dzinkambani adaseka, napitiriza kupopa.

Izi zidachitika mu ufumu wa Tidzabweza, ndipo muzimvere chapansipansi, chifukwa kumeneko ngakhale mpanda wa bafa umalandira malipiro pakutha pa mwezi. Dzikoli imalamulira ndi Mfumu Bwerekani Yachitatu. Mpando umene imakhalapo si wake. Agogo ake adaubwereka kwa mfumu ya kutsidya tsiku la ukwati kuti alendo aone ulemerero, ndipo eni ake akatuma mthenga kudzaufunsa, amamuphera mbuzi, kumumwetsa mowa, kenaka n'kumubwereka nsapato. Mthenga amabwerera kwawo akuyenda chapansi, koma akuyamika ulemu wa a ku Tidzabweza.

Anthu nawonso adatengera. Kumeneko diresi la ukwati, mabenchi a pamaliro, ngakhale tambala woti akwere misoti, zonse n'zobwereka. Munthu akakupatsa moni mpaka kufika pofunsa za ana mmodzimmodzi, uzidziwiratu kuti akufuna wilibala.

Koma Dzinkambani, wokonza njinga pamsika wa Bweramawa, adali wina. Ali mwana adaona akatapila akukoka ng'ombe ya bambo ake pachingwe, bambowo akutsatira pambuyo chipewa chili m'manja, ndiye adalumbira kuti iye sadzatambasula dzanja kwa munthu. Adagula zakezake. Nkhwangwa yake, makwerero ake, ndowa zake, machesi ake. Anthu ankabwereka kwa iye, iye kwa anthu ayi. Pamsika ankadutsa pakati penipeni khosi lili njo, pomwe anzake ankazungulira kuseri kwa zimbudzi kuthawa amene adawakongoza. Kunyada kotero n'koopsa, ana inu. Anthu amakuona.

Chimene chidamusowa ndi nyumba basi. Iye, mkazi wake ndi mwana wawo Siyeni ankachita lendi kachipinda ka kuseri kwa a Gwaza, ku Mpanipani, kumene nyumba zimagundana mapewa. Nyumba yaikulu ya a Gwaza idali yofolera udzu, chifukwa malata ake adabwereka alamu awo chaka cha dzombe. Lendi a Gwaza ankakweza ndi mphuno. Akangomva fungo la nyama kuchokera kuseri, m'mawa mwake ankafika akutsokomola, n'kunena kuti zinthu zakwera mtengo. Mwatitha adafika pokazinga nyama atatseka zenera, mwana akulira ndi utsi. Ndiye Dzinkambani ankaponya kangachepe m'chitini cha mkaka, akulota tsiku limene adzakazinge chiwindi chitseko chili pululu.

Chaka chimenecho Mfumu idamva kuti anthu a lendi akung'ung'udza, ndipo idaitanitsa nduna zake.

"Anthu anga akufuna chiyani?"

"Nyumba, Mwinidziko," adayankha a Kamtedza, nduna ya nyumba.

"Apatseni."

"Mosungira chuma mulibe kanthu, Mwinidziko. Muli mphaka. Wabereka."

"Nanga a kutsidya analeka kukongoza?"

Nduna zonse zidawomba m'manja, zina mpaka misozi, poona kuti nzeru zotere zimatuluka m'mutu umodzi. Ndalama zidabwerekedwa. Zina zidasochera panjira monga zimachitira ndalama zosadziwa dziko, koma zotsala zidamanga nyumba zanjerwa paphiri limene adalitcha Malatangwee. Lamulo lidati nyumbazi n'za okhawo amene sadakhalepo ndi nyumba chibadwire. Munthu apereke kaye kangachepe koyambira, zotsalazo Nkhokwe ya Mfumu imukongoze, azibweza mwezi ndi mwezi mpaka imvi. Chikole chake ndi nyumba yomweyo. Ukaleka kulipira, akutulutsa ndi mphasa zako.

"Koma tidziwa bwanji munthu wobweza?" idafunsa Mfumu. Funsoli lidali lochokera pansi pa mtima, poti iyo idali isadamuonepo munthu wotere.

"M'maiko a anzathu amayang'ana mbiri, Mwinidziko," adatero a Kamtedza, amene adapitako kunja pa ndege yobwereka. "Amaona zimene munthu anakongolapo m'mbuyomu, ndi m'mene anabwezera. Wa mbiri yabwino amamupatsa chiwongoladzanja chochepa. Wa mbiri yoipa, chachikulu, kapena kumubweza pakhomo. Vuto n'lakuti iwo amasunga pamapepala, pomwe kuno mapepala a boma chiswe chimadya tisanawawerenge."

Apo nduna ya zaulimi, imene inkagona kuyambira pa pemphero lotsegulira, idadzidzimuka.

"Akazi anga amagula tomato kwa a Nasibeko. Mayi amenewo amadziwa amene anabwereka lichero chaka cha njala, ndi mbali imene linang'ambika polibweza."

Basi, nkhani idathera pomwepo. Mfumu idalamula kuti amiseche onse otchuka a pamsika wa Bweramawa alembedwe ntchito, azitchedwa Akumbutsi, azikhala pa Bwalo la Mbiri. Wofuna nyumba aziima pamaso pawo, iwo azinena zonse zimene akumudziwa.

Lamuloli litawerengedwa pamsika, anthu adayamba ayang'ana uku ndi uku, kenaka adayankhula ngati akuuza katundu wawo.

"Zabwino," adatero wogulitsa usipa, akuuza usipa. "A Nasibeko akhala akutinena ulere zaka zonsezi. Adyepo nawo."

"Ine ndikabweza poto wa mlamu wanga lero lomwe," adatero wina wa makala. "Ndingoyamba ndakumbuka kuti ndinamubwereketsa ndani."

Dzinkambani yekha ndiye adasangalala poyera. Adafika kunyumba akuimba mluzu. Nyumba yoti aipereke kwa munthu wa mbiri yoyera, angaipereke kwa yani kuposa iye? Tsiku la bwalo adasita malaya ndi simbi yakeyake, natenga chitini chija kukhwapa.

Bwalo la Mbiri lidali m'shedi yakale ya fodya. Kutsogolo kudakhala a Kamtedza, pambali pawo Akumbutsi atavala mikanjo yobwereka kukwaya. Wamkulu wawo adali a Nasibeko, wachiwiri a Likongwe ometa tsitsi, munthu amene makutu ake adamva zambiri kuposa a m'busa.

Woyamba kuitanidwa adali a Mbuluma, nduna ya milatho. Nyumba adali nazo zambiri, koma zonse zidali m'maina a akazi awo, ndiye pamaso pa lamulo adali mwana wamasiye wogona panja.

"Akumbutsi, nenani," adatero a Kamtedza.

A Nasibeko adakonza duku. "Awa anakongola ndalama za mlatho wa pa Mwamadzi. Mlathowo mpaka lero timawoloka titakwinya zovala. Anabwereka thalakitala ya boma, ikulima kwa apongozi awo. Anabwereka ng'ombe za a Chimwala kuti ajambulitse nazo, ng'ombezo zinakadyedwa paukwati. Anabwereka..."

Adanena mpaka pakhosi padauma, a Likongwe n'kulandirira, a Mbuluma akungogwedeza mutu monyadira ngati akumva maina a makolo awo.

"Mbiri yaitali, yonenepa," adagamula a Kamtedza. "Munthu woti anthu ochuluka chonchi anamukhulupirira, ife ndife yani kuti timukayikire? Chiwongoladzanja chochepa. Apatseni yapakona, ya mtengo wa mango ija."

Wachiwiri adali mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa. Iye adabwerekapo mphika waukulu pa maliro a mwamuna wake, naubweza mochedwa, uli wophwanyika khutu limodzi.

"Mbiri ya mathothomathotho," adatero a Kamtedza akupukusa mutu. "Khutu la mphika si chinthu chamasewera. Nyumba mupatsidwa, koma chiwongoladzanja chowirikiza. Yanu ndi ya kufupi ndi dzala ija."

Mayiyo adagwada nathokoza, chifukwa ku Tidzabweza ukapondedwa umathokoza msanga, kuopa angabwererenso.

Kenaka adaitana Dzinkambani. Adaima chilili, chitini kukhwapa, akumwetulira.

"Akumbutsi, nenani."

A Nasibeko adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Adakanda pansi pa duku. "Nkhopeyi ndimaiona. Amagula tomato." Adatsitsa mawu ngati akutchula matenda a kumaliseche. "Amalipira pompo."

"Ine ndimawameta," adatero a Likongwe. "Sayankhula. Amalipira ndisanawasase tsitsi m'khosi."

"Anabwerekapo chiyani?" adafunsa a Kamtedza.



"Palibe, bwana," adayankha yekha Dzinkambani, chifuwa chili patsogolo. "Chibadwire changa sindinakongolepo kwa munthu. Ngakhale singano."

Anthu adafuula ngati aona njoka. Mayi wina adaphimba mwana wake m'maso.

"Ndiye tidziwa bwanji kuti mumabweza?" adafunsa a Kamtedza.

"Poti sindikongola, bwana."

"Bambo, inu akuti mumakonza njinga. Atabwera munthu woti sanakwerepo njinga chibadwire, mungamupatse yanu chifukwa choti sanagwepo?"

Dzinkambani adaloza a Mbuluma, amene ankayesa makiyi awo atsopano pokanda nawo m'khutu.

"Koma awa sanabwezepo kanthu!"

"Tikudziwa. Zimenezo n'zodziwika, ndipo chodziwika boma limachikonzekera. Inu simukudziwika. Mwina ndinu munthu wabwino. Mwinanso ndinu mbava yoleza mtima, imene yakhala ikudikira chinthu chachikulu. Munali kuti zaka zonsezi anzanu akukongola? Pitani mukapange mbiri. Bwalo likhalanso mwezi ukaoneka. Koma fulumirani, nyumba zikutha, nduna zambiri sizinakhalepo ndi nyumba."

Dzinkambani adatuluka. Adalunjika kumsika, kwa a Sitima atelala, munthu amene adamukonzera njinga kambirimbiri.

"Achimwene, tandibwerekani singano."

A Sitima adaleka kupalasa makina. "Singano? Inuyo?"

"Ndibweza madzulo."

"Muli ndi mbiri?"

"Ndiye ndikufuna kuiyambayo."

"Pepani achimwene. Lamulo latitsegula m'maso. Kale tinkangobwereketsa mwaumbuli. Kayambeni kwina, mukabwere nayo mbiriyo, singano ilipo."

Adapita kwa wogulitsa makala, amene adali ndi pampu ya Dzinkambani kuyambira dzinja latha.

"Kubwereketsa mumatha, zimenezo ndingachitire umboni," adatero wamakalayo. "Koma kubwereka sitinakuoneni. Mwina simudziwa n'kagwiridwe kake komwe."

Adazungulira msika wonse. Anthu amene dzulo lake ankamutcha bwana lero ankabisa zipande akamuona. Munthu mmodzi yekha ndiye adamumwetulira, wakatapila wokhala pansi pa mtengo wa kachere, amene adamukodola ndi chala mwachikondi. Dzinkambani adakumbuka ng'ombe ya bambo ake, nathawa.

Kunyumba adapeza apongozi ake akadalipo. Adali atakhalitsa chifukwa choopa basi yobwerera. Atamva kuti mkamwini akubwera adathawira kuseri kwa chitseko chawo chija.

"Bambo a Siyeni, musadandaule," adatero Mwatitha atamva zonse. "Pali zinthu ziwiri zimene munthu samana mnzake, mbiri kaya palibe mbiri. Mchere ndi moto."

Nkhope ya Dzinkambani idawala.

"Mwatitha!" mawu adatuluka kuseri kwa chitseko. "Uwauze apemphe ngati akufuna, koma asabweze. Zimenezo si ngongole. Ndani anaonapo munthu akubweza mchere? Ndani anabwezapo moto? Adikire, nyumba zidzamangidwa zina. Ine mtima ukundigunda."

"Uwauze mayi kuti iwo omwe anati ndizibwereka ndi kubweza anthu akuona."

"Uwauze kuti ndinati singano!"

"Uwauze kuti singano ikufuna mbiri."

M'mawa mwake adagogoda kwa a Nambewe, a khomo loyandikana nalo, napempha mchere. Adamutsinira pang'ono padzanja, akudabwa. Masana adabwerera ndi kapu yodzaza, atatengana ndi a Likongwe kuti Mkumbutsi aone ndi maso ake.

"Mayi, mchere wanu uja. Wapamwambawu ndi chiwongoladzanja."

A Nambewe adabisa manja m'chitenje nabwerera m'mbuyo.

"Mchere woti walowa m'nyumba mwanu, watulukanso, ine ndikathire m'ndiwo za ana anga? Mwauchita chiyani? Ndinakulakwirani chiyani ine, bambo a Siyeni?"

"Ndi mchere chabe, mayi."

"Ngati ndi mchere chabe bwanji mwabwera ndi mboni?"

Adatseka chitseko, ndipo m'katimo adayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza. A Likongwe adapukuta magalasi awo.

"Mwini wake wakana kulandira, ndiye kuti simunabweze. Pakadali pano mbiri yanu ndi yakuti muli ndi ngongole ya mchere, ndiponso mumaopseza amayi." Adamusisita paphewa. "Komabe mwayambapo. Ndamva kuti ku Malatangwee kwatsala nyumba imodzi."

Imodzi! Dzinkambani adakhala pakhonde akuganiza, ndipo ana inu, munthu amene wakanidwa kawiri akayamba kuganiza, muzichotsa ana pafupi. Adaona kuti cholakwa chake pa mchere chidali kupempha mwini wake kuti alandire. Chofunika ndi chinthu choti ukachitula pakhomo, chafika basi.

Udali mwezi wotentha, uja udzu umathetheka wokha ukauponda. M'mawa Dzinkambani adatenga phale napita kukhitchini kwa akazi a Gwaza kukapala moto, machesi ali m'thumba. Mayiwo adamuikira khala limodzi, namuyang'ana mpaka adakhota. Atafika kwake adatulutsa mbaula yaikulu, nadzazamo makala mpaka pakamwa, naika khala lija pakati, nayamba kukupiza.

A Nangozo adasuzumira pa mng'alu wa chitseko. Adamanga mitolo, nabereka Siyeni, nanyamula chitini cha ndalama, nakakhala patali pansi pa mtengo wa mpapaya, akuuza mwana wawo kuti atulutse mphasa ndi mapoto.

"Mayi, mukusamuka?"

"Tulutsa, iwe. Ndi mbuzi ya eni ake uyimasule."

Dzuwa lili paliwombo, Dzinkambani adaitanitsa a Likongwe. Iwo adabwera lumo lili m'manja, pambuyo pawo pakubwera munthu amene ankamumeta, mutu mbali imodzi uli mbee, chinsalu chili m'khosi. Ana a m'Mpanipani adatsatira, amayi adatsatira ana. Dzinkambani adakulunga manja ndi masaka, nanyamula mbaula ili psuu, nayenda nayo mwaulemu ngati wanyamula mphatso ya Mfumu, mpaka pakhonde la a Gwaza. Adaitula pansi pa denga penipeni, paja udzu umalendewera mpaka kukhudza mutu.

"Odi, bambo!"

A Gwaza adatuluka akutafuna. "N'chiyani chimenechi?"

"Moto wanu, bambo. M'mawa ndinapala khala limodzi. Lanulo lili pakatipo. Enawa ndi chiwongoladzanja."

"Wapenga iwe? Chotsa!"

"A Likongwe, mwaona? Ndabweza tsiku lomwelo, dzuwa lisanapendeke. Ndatula pakhomo pa mwini wake."

"Ndaona," adatero a Likongwe, akubwerera m'mbuyo.

"Ndati chotsa!" A Gwaza adavula chipewa nayamba kuingitsa mbaula ngati akuingitsa nkhuku. Makala adakondwa nako kukupizako, nayamba kuthetheka. Nthawi yomweyo kamvulumvulu, uja amayendayenda m'miyezi yotentha kufuna pochitira mwano, adatulukira pakona atanyamula mapepala ndi makoko a nzimbe. Adafika pakhonde, nazungulira mbaula kamodzi, nakweza mbaliwali zonse kudenga.

Udzu udangoti lawi!

"Madzi! Madzi!"

Mpanipani yense adabalalika kukatenga ndowa, ndipo apa m'pamene padaoneka vuto. Ndowa ya a Nambewe idali kwa a Sitima. Ya a Sitima adabwereka a kumpingo. Ya akazi a Gwaza idapita kumaliro mwezi watha, siidabwere. Anthu ankathamanga khomo ndi khomo kufunsana kuti ndowa yanga ija munapatsa yani, ena mpaka kuyamba kukangana za beseni la chaka chatha, moto ukudya. Ndowa zimene zidapezeka pamalo pake zidali za Dzinkambani yekha. Wina adathamangira ku ofesi ya ozimitsa moto, nakapeza kuti galimoto lawo yabwereka nduna ina kuti likanyamule akwati, poti lili ndi belu.

Pofika madzulo nyumba ya a Gwaza idali phulusa, pamodzi ndi kachipinda ka kuseri. Sadafe munthu, ngakhale mbuzi. A Nangozo adali chikhalire pansi pa mpapaya, pamwamba pa mitolo, atafulatira kuti angaonane maso ndi mkamwini.

Mwezi utaoneka, shedi ya fodya idadzaza mpaka ena kukwera m'mazenera. Mfumu yeniyeniyo idabwera, itamva kuti m'dziko lake mwapezeka munthu wobweza. Dzinkambani adaima kutsogolo nsidze zitapserera, malaya osasita.

"Akumbutsi, nenani," adatero a Kamtedza.

Ulendo uno sadakande mutu. A Nasibeko ndi a Likongwe adachita kulimbirana. Adanena za mchere, za kapu, za phale, za machesi a m'thumba, za mbaula, za chipewa cha a Gwaza. Adanena ndi zina zimene sizidachitike, poti nkhani ikakoma Mkumbutsi saisiya yosathira ndiwo. Munthu wometedwa mbali imodzi uja adaimanso ngati umboni, mutu wake ukadali momwemo.

"Anabweza?" idafunsa Mfumu, itasendera kutsogolo pa mpando wa eni ake. "Tsiku lomwelo?"

"Lomwelo, Mwinidziko."

"Popanda womutumira mthenga?"

"Popanda, Mwinidziko. Anawonjezeranso."

Mfumu idayang'ana Dzinkambani nthawi yaitali, mwina mwachisoni, mwina mwamantha. Kenaka idanong'oneza a Kamtedza, koma shedi yonse idamva: "Zimenezi a kutsidya asazimve."

A Kamtedza adaimirira nakonza tayi.

"Bwalo lino silinaonepo mbiri yokula msanga chonchi. Munthuyu mwezi watha sankadziwika ndi aliyense. Lero ngakhale ana akumudziwa. Amabweza pa nthawi yake. Chiwongoladzanja amapereka mosaumira. Koposa zonse, pano ali ndi ngongole ya nyumba yathunthu kwa a Gwaza, ndipo munthu wa ngongole yaikulu chonchi si munthu wamba. Za mchere tazikhululuka. Ngongole ya nyumba yavomerezedwa!"

Anthu adawomba m'manja. Mwatitha adaliza nthungululu, misozi ili mbwembwembwe. Chitini chija adachikhuthula patebulo, mlembi nasesera zonse m'thumba la Nkhokwe. Adamudinditsa chala Dzinkambani kuti azilipira mwezi ndi mwezi mpaka imvi, ndipo Mfumu ndi dzanja lake idamuika kiyi m'manja. Adaifumbata. Idali yozizira bwino, yolemera. M'mutu mwake adayamba kale kumva fungo la chiwindi.

Pamenepo kumbuyo kudamveka kutsokomola. Dzinkambani adakudziwa kutsokomola kumeneko.

"Mwinidziko," adatero a Gwaza atagwada, phulusa likadali m'ndevu, "nanga ine ndikagona kuti?"

"Zoona," adatero a Kamtedza. "Tsopano tilowe mlandu wachiwiri, wa moto. Wotentha nyumba ya mnzake amalipa nyumba. Bambo Dzinkambani, muli ndi nyumba?"

Dzinkambani adayang'ana chibakera chake.

"Mwayi wake, ali nayo," adayankha a Nasibeko. "Yatsopano."

Msilikali adamufumbatula zala chimodzichimodzi, napereka kiyi kwa a Gwaza.

"Ndiye ngongoleyo aitengenso iwowo, bwana!" adafuula Dzinkambani.

"Sizingatheke. A Gwaza anakhalapo kale ndi nyumba, lamulo silikuwalola kukongola. Komanso ngongole imatsata mwini mbiri, ndipo mbiriyi ndi yanu, mwaivutikira nokha. Muzilipira mokhulupirika. Mukangodumphitsa mwezi, Nkhokwe ilanda nyumbayo, a Gwaza akhala panja, ndiye kuti mwawatenthera kawiri."

Mfumu idayankhula mawu otsekera, kuyamikira kuti ndondomeko ya nyumba yayenda bwino kopambana, poti nyumba zonse zapita kwa anthu osowa pogona. Nduna zidawomba m'manja. Wogulitsa usipa adauza chipewa chake kuti zoonadi, chaka chino boma lakwanitsa.

A Gwaza si munthu woipa mtima. Ataona banja lija litaima panja pa shedi ndi mitolo pamutu, adawamvera chisoni. Adati nyumba ya ku Malatangwee ili ndi kachipinda kuseri, koyenera kusungiramo makala, koma anthu atatu ogwirizana akhoza kukwanamo, anayi ngati apongozi akuopabe basi.

Ndi mmene zilili mpaka lero. Mwezi ukatha Dzinkambani amayamba wapita ku Nkhokwe ya Mfumu kukalipira ngongole ya nyumba yake, alembi akumupatsa mpando ndi kumutchula kuti kasitomala wa mbiri yabwino. Akachoka kumeneko amakwera phiri, nazungulira kuseri, nagogoda pakhomo la kukhitchini kukapereka lendi kwa a Gwaza. Lendiyo adaikweza kuposa ya ku Mpanipani. Akuti asaiwale kuti tsopano akugona m'nyumba ya malata.